Helikopita ikamavutika kutera pa Phiri la Mulanje: chimalakwika n'chiyani, ndipo muchite chiyani

Helikopita sibwera ku Mulanje tsiku ndi tsiku. Ikabwera ndiye kuti zinthu zathina kale: wina wathyoka mwendo potsika ku Sapitwa, kapena milatho yakokoloka monga zinachitikira mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anadula midzi yambiri ya ku Mulanje ndi Phalombe mpaka chakudya ndi mankhwala zinkafika kudzera mumlengalenga. Pa nthawi ngati imeneyi aliyense amakhala pa liwiro, ndipo malo oti ndege itere amasankhidwa ndi amene ali pafupi, kaya ndi apota, otsogolera alendo, a zankhalango, aphunzitsi kapena a komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Ngozi zambiri za helikopita m'mapiri zimachitikira m'mamita ochepa omaliza isanagunde pansi, koma mbewu yake imakhala itafesedwa kale posankha malo ndi poyerekeza mphepo. Zimene talemba apa ndi za anthu apansi amene amalandira ndege, komanso tafotokoza zimene woyendetsa amalimbana nazo kuti mudziwe chifukwa chake nthawi zina amakana malo amene inu mukuwaona abwino.

Ndege ikubwera bwinobwino, mwadzidzidzi yayamba kumira

Ili ndiye vuto lalikulu, ndipo limayamba ndi mphepo ikakumana ndi phiri. Taonani madzi a mu Likhubula akamadutsa pa mwala waukulu: kutsogolo kwa mwalawo amakwera mosalala, kuseri kwake amagwa, kuzungulira, ena n'kubwerera m'mbuyo. Mphepo imachita chimodzimodzi pa Chambe kapena pa mtandadza uliwonse wa phirili. Mbali imene mphepo ikuchokera, mpweya umakwera ndipo umathandiza ndege. Kuseri kwake mpweya umatsika mwamphamvu ndi kuvunduka, mwina kuposa mphamvu imene injini ingatulutse pokweza ndegeyo.

Apa ndi pamene anthu apansi amalakwitsa ndi mtima wabwino. Munthu amene wakhala ndi wodwala usiku wonse pamphepo amafuna malo obisika, kuseri kwa thanthwe kapena m'kachigwa, poti pamenepo "palibe mphepo". Pansi pamaoneka bata ndithu, koma mamita 20 kapena 30 pamwamba pake ndi pamene mphepo ikugwera. Malo abwino ndi apoyera, pamsana pa chitunda kapena mbali imene mphepo ikuchokera, ngakhale inuyo muzizidwe. Mphepo yamphamvu yochokera mbali imodzi mosasintha woyendetsa amaikonda. Yomwe amadana nayo ndi yowomba modukizadukiza, yongosinthasintha kochokera.

Chachiwiri ndi kupepuka kwa mpweya. Madambo a pamwamba pa phiri, kumene kuli tinyumba togona alendo ta Lichenya, Chambe, Thuchila ndi Sombani, ali pafupifupi mamita 2,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Pamenepo mpweya umakhala utapepuka ndi gawo pafupifupi limodzi mwa magawo asanu, ndipo pa Sapitwa, pa mamita 3,002, umapepuka ndi pafupifupi kota. Mapiko amagwira mpweya wochepa, injini nayo imapuma mpweya wochepa. Kutentha kumawonjezera vutoli. Mabuku a ndege amawerengera kuti pa mamita 2,000 kuzikhala madigiri 2 okha. Digiri iliyonse yoposa pamenepo imakhala ngati mwakweza malowo ndi mamita pafupifupi 36. Choncho masana a mu Okutobala, kukatentha madigiri 22 pa dambo, ndege imamva ngati ikutera pa mamita 2,700. Imene inanyamula anthu asanu mosavuta ku Chileka m'mamawa ikhoza kukanika kuima mumlengalenga pa Lichenya ili ndi anthu omwewo.

Chachitatu ndi katsikidwe. Helikopita ikatsika molunjika pansi mofulumira, kuposa mamita pafupifupi 90 pa mphindi, uku ikuyenda pang'onopang'ono ndipo injini ikukoka, imagwera mumpweya umene yokha yaukankhira pansi. Mpweyawo umayamba kuzungulira m'mphepete mwa mapiko, ndipo woyendetsa akakoka collective, ndodo ya kudzanja lamanzere yowonjezera kukweza, ndege imangomira kwambiri. Izi zimachitika kawirikawiri pamene mphepo yatembenuka n'kuyamba kuwomba kumchira woyendetsa asakudziwa: pansi akuona ngati akuyenda, pamene mumpweya waima. Kutuluka kwake ndi kukankhira cyclic, ndodo ya kudzanja lamanja yopendekera ndege kumene woyendetsa akufuna, kutsogolo kapena cham'mbali kuti mapiko apeze mpweya watsopano, koma zimenezi zimadya mtunda, ndipo pa mamita 15 kuchokera pansi mtundawo palibe.

Pa 30 Meyi 2002, pa phiri la Mount Hood ku America, helikopita ya asilikali ya mtundu wa Pave Hawk inali itaima mumlengalenga kuti ikweze wovulala ndi chingwe. Mphepo inasintha, mphamvu inaperewera, ndege inagunda phiri n'kugubuduka motsetsereka pa chipale makamera a wailesi yakanema akujambula. Onse a mundegemo anapulumuka, koma anthu amene anapita kukapulumutsa anzawo anasanduka ofunika kupulumutsidwa.

Chochita kwa inu apansi ndi ichi. Muonetseni woyendetsa mphepo. Mangani kansalu kowala, kotalika ngati mkono umodzi, pa nsungwi yolimba, muizike m'mphepete mwa malowo kumene mapiko sangafike, ndipo mfundo yake ikhale yothina. Utsi umaonetsa bwino koposa, koma moto uyatsidwe kunja kwa malo oterapo, mbali imene mphepo ikupita, kuti utsi usaphimbe woyendetsa. Ndipo m'chilimwe, udzu wa paphiri utauma, moto musauyerekeze n'komwe, chifukwa mphepo ya mapiko idzamwaza makala ndipo mudzatentha mikungudza imene yatsala. Munthu mmodzi yekha aime m'mphepete, msana wake ulozetse kumene mphepo ikuchokera, manja atatambasulira kutsogolo kuloza malowo. Ndege ikayandikira achoke kapena agwade. Ngati mukulankhulana pa foni kapena pa wailesi, musangonena kuti "kuli mphepo pang'ono". Nenani kumene ikuchokera, ngati ikuwomba mosalekeza kapena ikudukiza, ndiponso ngati yasintha m'mphindi khumi zapitazi. Nenaninso chiwerengero cha anthu okwera ndi kulemera kwa katundu moona, osachotsera. Thumba la ufa la makilogalamu 50 limene mwalibisa powerenga likhoza kukhala lomwe lapereweretsa mphamvu.

Woyendetsa wodziwa ntchito amayamba wazungulira pamwamba, kenako n'kudutsa chapansi osatera, kuyesa mphamvu imene yatsala ndi kuona kothawira zikavuta. Akachita zimenezi kawiri kapena katatu, musayambe kumukodola kuti atsike. Akachoka osatera, sanakunyozeni.

Yagunda pansi, kenako yapendekeka n'kugwa cham'mbali

Helikopita imagubuduka mosavuta kuposa mmene anthu amaganizira. Mwendo umodzi ukakodwa kapena kutsamira pa chinthu, ndegeyo imayamba kuzungulira pa mwendo umenewo, ndipo mphamvu ya mapiko, m'malo moikweza, imaikokera cham'mbali. Ikapendekeka madigiri 5 mpaka 8 ikuyendabe, cyclic siingathenso kuibweza. Chokhacho chimene chimathandiza ndi kutsitsa collective mosathamanga koma mosazengereza, kuti kulemera kwa ndege kuikhazike pansi. Zonsezi zimatha m'masekondi awiri kapena atatu.

Zokola mwendo kuno n'zambiri, ndipo zambiri sizioneka kuchokera kumwamba. Pa dambo la paphiri pali zitsa za udzu zolimba ndi miyala yobisika mu udzu wofika m'mawondo. Nthawi ya dzinja dothi lakuda la m'dambo limamira, mwendo umodzi n'kulowa m'matope pamene winawo uli pouma; potera sizivuta kwenikweni, vuto limabwera ponyamuka, mwendo womirawo ukakana kuzuka. M'midzi ya m'munsi muli mizere ya m'minda, zitsa za bulugamu, chulu chimene ana anachisalaza pamwamba pokha. Munda wa tiyi wa ku Thyolo, ukamauona uli kumwamba, umaoneka wosalala ndi wobiriwira bwino, koma pansi pa masambawo pali nthambi zolimba zofika m'chiuno, ndipo minda yambiri ili pamtsetse. Pathanthwe lonyowa la ndere ndege siikodwa koma imaterereka cham'mbali, n'kukaima mwadzidzidzi pa mng'alu, zotsatira zake n'zomwezo.

Yendani malowo ndi mapazi, mzeremzere, musangowayang'ana. Helikopita yaing'ono ngati AS350, imene mapiko ake amatambalala mamita pafupifupi 11, imafuna malo osachepera mamita 30 mulitali ndi 30 mulifupi. Yaikulu ngati Mi-8, ya mapiko a mamita 21, imene imakonda kunyamula thandizo la chakudya, ipatseni bwalo lonse la mpira. Pakati penipeni, pamene miyendo idzaponde, tchetchani udzu, chotsani miyala yogubuduka, ndipo pondani ndi chidendene: chikamira, ndege idzamiranso.

Kutsetsereka yezani, chifukwa maso amanama, makamaka mukakhala pakati pa mapiri pamene chilichonse n'chopendekeka. Tengani chingwe cha mamita 10. Wina agwire nsonga imodzi pansi kumtunda, wina aikoke kumunsi mpaka chingwe chiwongoke mopingasa. Ngati dzanja la wakumunsiyo lafika m'chiuno, ndiye kuti dothi latsika pafupifupi masentimita 90, amene ndi madigiri 5, ndipo awa ndiwo malire a ndege zambiri pa ntchito ya masiku onse. Likapitirira chiuno, funani pena.

Pamtsetse wovomerezeka woyendetsa amatera mopingasa. Amayamba wakhazika mwendo wakumtunda, n'kutsamiza cyclic kuphiri, kenako n'kutsitsa mwendo wakumunsi pang'onopang'ono. Cyclic ikafika pamapeto mwendo wachiwiri usanagunde, amanyamukanso. Pa nthawi imeneyi ndege imakhala ikulendewera pa mwendo umodzi, ndipo mphepo ikangoti phuu kuchokera kumtunda, kapena wina akathamangira kukatsegula chitseko n'kukoleka thupi lake pa mwendo, zatha. Musayandikire mpaka woyendetsa akukodoleni yekha. Ponyamuka, onetsetsani kuti palibe chingwe, neti kapena lamba wa katundu amene wakola mwendo.

Mphuno yayamba kuzungulira yokha

Kapiko ka kumchira ndi kamene kamaletsa thupi la ndege kuzungulira motsutsana ndi mapiko akulu. Ndege ikamayenda pansi pa makilomita pafupifupi 55 pa ola, injini ikukoka kwambiri, ndipo mphepo ikachokera kumbuyo kapena m'mbali, kapikoka kamatha kuperewera mphamvu ngakhale kalibe chilema. Mphuno imatembenuka yokha: kumanja pa ndege za Bell ndi Robinson, kumanzere pa AS350 ndi Mi-8, poti mapiko awo amazungulira mosiyana. Woyendetsa amaponda pedulo yotsutsa mpaka pansi n'kuigwira pomwepo, kukankhira cyclic kutsogolo kuti apeze liwiro, ndi kuchepetsa collective ngati mtunda ulipo. Kupepuka kwa mpweya kumakhudza kapikoka monga momwe kumakhudzira mapiko akulu, n'chifukwa chake vutoli limakonda pamwamba pa mapiri.

Mbali yanu ndi kusankha malo amene ndege ingalowere ndi kutulukira mphuno italoza mphepo. Bwalo la sukulu limene mbali ya mphepo kuli mzere wa mitengo ya bulugamu yaitali limakakamiza woyendetsa kubwera ndi mphepo kumsana kapena kutsika choimirira, ndipo zonse ziwirizi ndi zomwe tafotokoza kale kuti zimapha. Mawaya a magetsi muwanene nthawi zonse, ngakhale mukuona ngati akuonekera. Kuchokera mundege waya saoneka, chimaoneka ndi mtengo wake basi, ndipo nthawi zina nawonso umabisika m'mitengo.

Pali ndege zina za mapiko awiri, monga Robinson R22 ndi R44, zimene mphepo yovunduka imazivuta mwapadera. Ndege ikaponyedwa m'mwamba n'kupepuka mwadzidzidzi, imagudubukira kumanja, ndipo woyendetsa akaibweza ndi cyclic mwamphamvu, mutu wa mapiko umamenya chitsulo choimirira chimene chimawanyamula mpaka kuchithyola. N'chifukwa chake malamulo a R22 amaletsa oyendetsa amene sanakwanitse maola okwanira kuuluka mphepo yapansi ikapitirira manoti 25, amene ndi makilomita 46 pa ola, kapena kusiyana kwa liwiro la mphepo ikafooka ndi ikalimba kukaposa manoti 15. Manambala amenewa ndi muyeso wabwino kwa aliyense woitanitsa ndege yaing'ono kuphiri.

Woyendetsa sakuonanso pansi

M'maiko ozizira, pa madzi oundana a m'mapiri, vutoli lapha anthu ambiri. Kukachita mitambo, kuwala kumabalalika, mithunzi n'kuzimirira, ndipo chipale choyera chimalumikizana ndi thambo loyera mwakuti woyendetsa sadziwa ngati ali pa mamita 3 kapena 30. Pa 21 Novembala 2015, helikopita ya AS350 yonyamula alendo inagwa pa Fox Glacier ku New Zealand ndipo anthu 7 onse anafa. Ofufuza anapeza kuti inagunda ayezi injini ikugwira ntchito, pa tsiku la mitambo ndi mvula pamene kuzindikira kutalika kwa pansi kunali kovuta. Kumeneko kulinso ming'alu yakuya yophimbidwa ndi chipale chopyapyala chimene chimabooka mwendo ukaponda, chipale chofewa chimene mapiko amachiulutsa n'kuphimba ndege yonse, ndi mphepo yozizira imene imatsetsereka ndi ayeziyo ngakhale mphepo ya pamwamba ikuwombera kwina. Oyendetsa akumeneko amaponya chinthu chakuda pansi kapena kutera pafupi ndi mwala kuti diso likhale ndi pogwira.

Ku Mulanje kulibe ayezi wotero, koma khungu lake ndi lomwelo, limangobwera ndi zinthu zina. Choyamba ndi chiperoni. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mphepo yonyowa yochokera ku Mozambique imabweretsa nkhungu ndi mvula yowaza imene imatha kutseka dambo m'mphindi zochepa ndi kukhala masiku angapo. Ngati muli pamalopo ndipo simukuona nsonga ya chitunda choyandikana nanu, nenani zoona ndege isananyamuke. Mawu akuti "kuyera posachedwapa" aikapo oyendetsa ambiri m'mavuto. Nthawi yabwino paphiri kawirikawiri ndi m'mamawa, dzuwa lisanatenthetse matanthwe ndi kuyambitsa mitambo ndi mphepo yokwera m'zigwa.

Chachiwiri ndi fumbi. Bwalo la mpira la dothi lofiira mu Seputembala, kapena malo a lupsa pamene moto wangodutsa, amatulutsa mtambo umene umameza ndege pa mamita atatu omaliza. Woyendetsa akasiya kuona pansi, ndege imayamba kuyenda cham'mbali iye osamva, mwendo n'kukhudza dothi, kenako kugubuduka kuja. Sankhani pa kapinga ngati alipo. Ngati palibe, thirani madzi pakati pa bwalo ndi mbali imene ndege ilowere, patangotsala mphindi 10 kapena 15, okwanira kugoneka fumbi koma osapanga matope. Musalembe chizindikiro ndi phulusa, laimu kapena ufa, ndipo musayale nsalu kapena lona pansi ngakhale mutatsindika ndi miyala.

Usiku, ngati zafika pamenepo, tochi kapena nyali za galimoto ziunikire pansi, osati kumwamba. Kuwala kumodzi m'maso mwa woyendetsa kumamuchititsa khungu kwa masekondi amene alibe.

Zouluka ndi anthu

Mphepo ya pansi pa Mi-8 imazula malata osakhomedwa bwino, kugwetsa mpanda wa udzu ndi kunyamula majumbo, zitenje zoyanika, zipewa, mabeseni ndi maambulera. Jumbo limodzi likalowa mu injini kapena kukulunga kapiko ka kumchira, ndege yawonongeka. Tolani zonse pa mtunda wa mamita 50 kuzungulira, mangani mbuzi ndi agalu, ndipo khamu liime kutali mamita 60 kapena kuposa, ana ali m'manja mwa akuluakulu. Pa thandizo la chakudya, apa ndi pamene pamafunika amfumu ndi apolisi akumudzi, chifukwa anthu anjala akaona matumba sayembekeza mapiko kuti aime.

Poyandikira, dzerani kutsogolo kumene woyendetsa akukuonani, mutawerama, opanda chipewa, ndipo chilichonse chachitali monga machira kapena nsungwi chinyamulidwe chogona, m'munsi mwa chiuno. Kumchira musapiteko zivute zitani. Kapiko kaja kakamazungulira sikaoneka. Pamtsetse dzerani kumunsi nthawi zonse. Mbali yakumtunda, mapiko amene pamalo osalala amadutsa pamwamba pa mutu akhoza kudutsa pa msinkhu wa khosi. Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene injini ikuyamba kapena ikuzima: mapiko akamazungulira pang'onopang'ono amakhala ofewa, ndipo mphepo yodukiza imatha kuwapinda mpaka pafupi ndi dothi. Dikirani aime kotheratu kapena afike pa liwiro lonse.

Malo onse apafupi akakanika

Nthawi zambiri yankho ndi kusuntha wodwala, osati kukakamiza ndege. Njira ya ku Sapitwa kumtunda kwa kanyumba ka Chisepo ndi ya matanthwe otsetsereka ndi miyala ikuluikulu, ndipo mphepo imazungulira m'mipata yake. Kumeneko malo a mamita 30 osalala ndi osowa. Apota asanu ndi atatu osinthana pa machira akhoza kutsitsa munthu kufika pa dambo lotseguka, ndipo ola limene mwataya ponyamula limabwezedwa ndi kutera kamodzi kosabwereza. Mamita 500 aliwonse amene mwatsika amabwezera ndege mphamvu ndithu.

Potumiza malo pa foni, tumizani manambala monga momwe GPS yawalembera, ndi madontho ndi zizindikiro zake zonse, osawatchula pakamwa. Ena amalemba madigiri ndi madesimo, ena madigiri ndi maminiti, ndipo 15.57 si chimodzi ndi madigiri 15 maminiti 57: kusiyana kwake ndi makilomita oposa 40, kutanthauza kuti ndege ikhoza kukakufunani kunja kwa phiri. Onjezani dzina la kanyumba kapena mtsinje wapafupi, ndipo mukasuntha wodwala, tumizani manambala atsopano nthawi yomweyo pamodzi ndi mmene mphepo ilili pamalo atsopanowo.